Mimba Idandichotsa pa Chiwongolero

Chidali chaka cha 1975, ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, pamene ofesi yathu idasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Ndidali dalaivala wa boma. Sukulu ndidalekezera Sitandade 6 yakale ija, koma galimoto ndinkaidziwa. Ndine Mbewe. Mwandipempha kuti ndiyankhule kwa inu amene dokotala wakuuzani zomwe adandiuza ine: shuga, kuthamanga kwa magazi, thupi lolemera. Sindine mlaliki. Ndinena zomwe zidandichitikira, ndikatha ndikhala pansi.

Ndidafika kuno ndili wowonda ngati bango. Ku Zomba ndinkakwera chitunda wapansi m'mawa uliwonse kukatenga galimoto ku galaja, madzulo n'kutsikanso. Sindinkadziwa kuti chitunda chija ndi mankhwala. Kuno adandipatsa kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya bwana wanga ku Area 10. Bwanayo adali wamkulu mu unduna wina, dzina ndisiya. Galimoto yakuda inkagona pakhomo panga penipeni. Ndikadzuka, pampando. Ndikawatsitsa bwana ku Capital Hill, pampando pomwepo mpaka madzulo, kudikira. Mzinda udali ukumangidwa, fumbi lofiira ponseponse, ndipo paliponse pamene amisiri ankamanga padali amayi ogulitsa mandazi ndi tiyi. Munthu wodikira amatafuna.

Pakati pa ife madalaivala a mabwana padali lamulo limene palibe adalilemba: dalaivala wowonda amanyozetsa bwana wake. Anthu amati samudyetsa. Mnzathu wina wowonda tinkamuseka pansi pa mtengo pamene tinkaimika magalimoto, ine ndemwe ndikutsogolera: "Kodi bwana wako amakulipira ndi madzi?"

Zaka zimenezo mkulu aliyense wosamuka ku Zomba ankachita phwando lolowera nyumba yatsopano. Bwana akalowa khomo la kumaso, ine ankandizunguliritsa kukhitchini. Khukhi ankabwera ndi mbale yodzaza: nyama yonona, mpunga, mang'ina, ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Kukana ndiye kunyoza eni nyumba, ndi bwana wako yemwe. Loweruka lina tinkaima nyumba zitatu. Ndinkadya katatu. Pofika kwathu mkazi wanga Nabanda waphika, ndipo chakudya cha mkazi wako sukana, angaganize kuti pali kwina kumene ukusamba m'manja.

Thupi lidayamba kubwera. Anthu ankati, "A Mbewe, Lilongwe wakuyanjani." Kwathu ku Dedza, amene kale ankandikhazika pamphasa adayamba kunditulutsira mpando. Ndisakunamizeni, zinkandikomera. Ndinkadzisisita pamimba pamaso pa anthu ngati munthu woonetsa ng'ombe yake.

Mmodzi yekha ndiye sankayamikira. Ku Old Town, pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika, pankakhala telala, Che Jafali, Myao wa Chisilamu, wamkulu kwa ine. Mwendo wawo wamanzere udapuwala ali mwana, makina ankapalasa ndi phazi limodzi. Ndiwo ankandimasulira thalauza la yunifolomu likathina. Ankalilandira n'kunena, "Mwabweranso, achimwene?" Basi. Msoko utatha wonse adaika chigamba kumbuyo.

Mpando wa galimoto ndidaubweza mpaka pothera. Chiwongolero chinkandikhula pamimba mpaka malaya onse adali ndi mzere wakuda. Ludzu losatha. Kutaya madzi pafupipafupi. Nabanda ankati ndikagona ndimaliza mkonono, kenako ndimasiya kupuma, iye n'kumandigwedeza. Masana tulo tinkandigwira ndili chikhalire. Ndinkadziuza kuti ndi kutentha kwa Lilongwe.

Chaka chachinayi, mwezi wa Okutobala, bwana adandituma kunyumba masana kukatenga mapepala amene adaiwala. Ndidali nditangodya. Ndikukumbukira kutuluka pa Capital Hill. Chotsatira chimene ndikukumbukira ndi phokoso. Ndidagona pa chiwongolero, dzuwa likuswa mtengo, mowa ndisadalawe. Galimoto idasiya msewu n'kugunda munthu wa panjinga, a Lufeyo, amene ankasamalira maluwa panyumba ina ku Area 11. Mwendo wawo udathyoka pawiri.

Kuchipatala adandiyeza ine ndemwe. Dokotala adati shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo munthu wotere sayenera kugwira chiwongolero. Laisensi adalanda. Ntchito adandiimitsa, n'kunena kuti ndikadzabwera ndi chikalata cha dokotala adzaona. Bwana sadandikalipire. Adangoti, "Mbewe, ukanakhala kuti unanyamula ana anga?" Sabata yomweyo m'kanyumba kaja mudalowa dalaivala wina, ife n'kukapeza chipinda cha lendi ku Mchesi.

Apa m'pamene ndidagwa kwenikweni. Mungaganize kuti munthu wouzidwa zotere amachepetsa kudya. Ine ndidawonjeza. Ndidayamba ndi mowa wa masese, umene kale ndinkaupewa chifukwa cha ntchito. Nabanda ankalawirira kumsika kukagulitsa tomato, ine gone pamphasa. Ndikadzuka, mawu oyamba m'mutu mwanga adali akuti, "Nkhumba iwe. Wathyola munthu. Watha." Ndikatero ndinkafuna chotafuna kuti mawuwo atonthole. Ndidapunthwa pamwala ndikuchokera ku mowa, bala silidapole, lidayamba kununkha, adandidula zala ziwiri zakuphazi. Chiwongolero ndicho chokha ndinkadziwa pa dziko lino, ndipo ndidaleka kukhulupirira kuti ndidzachigwiranso.

Tsiku lina ndidatenga thalauza la yunifolomu lija n'kupita nalo kwa Che Jafali. Kuchokera ku Mchesi kufika kumsika si kutali, koma ndidapuma panjira kangapo. Ndidaliponya pamakina.

"Mulidule. Mutulutsemo makabudula a ana. Atuluka atatu, nsalu ndi yambiri."

"Nanga eni ake akavala chiyani ku ntchito?"

"Eni ake ndi nkhumba. Nkhumba sivala thalauza."

Che Jafali adaimitsa makina. Adavula magalasi n'kuwaika pambali.

"A Mbewe, pakhonde pano pali malamulo awiri. Sitilavula, ndipo sitinyoza makasitomala anga. Amene mukumutcha nkhumbayo ndi kasitomala wanga wa zaka zambiri. Munthu waulemu, nsapato zake zowala nthawi zonse. Mukafuna kumutukwana pitani kutsidya la msewu."

Ndidafuna kukwiya. Palibe munthu wamba adandiyankhulapo chotero. Koma miyendo idali itatopa, ndidangokhala pabenchi.

Iwo adatembenuza thalauza lija, mkati kukhala kunja, n'kuliyala pamaondo. Adandionetsa mizere ya timabowo ta singano, wina pambali pa unzake.

"Uwu ndi wa pamene mudangofika kuchokera ku Zomba. Uwu wa chaka chotsatira. Uwu, ndi uwu. Simudagone muli wowonda n'kudzuka chonchi. Mudabwera mzere umodzi umodzi, ndipo pobwerera njira ndi yomweyi. Thalauza ili sindidula."

"Ndinu telala, si dokotala."

"Eya. Za shuga kafunseni kwa dokotala, ndipo mupiteko ndithu, musiye kunyadaku. Ine ndikufunsani za ntchito yanu. Galimoto ikakuferani panjira mumaitukwana?"

"Wotukwana galimoto ndi dalaivala wa dzulo. Umatsegula boneti n'kuona madzi, oyilo, mafuta, mawaya. Kawirikawiri sichikhala chinthu chimodzi."

"Chitsulo cha boma mumachichitira ulemu wotere. Koma galimoto iyi ya thupi lanu, imene Mulungu adakubwerekani, imodzi yokha, yopanda sipeya, mukuimenya ndi mawu m'mawa uliwonse. Ingayende?"

Adandithirira tiyi wopanda shuga. Adali woipa. Ndidamwa.

Nditamaliza ndidawauza kuti dokotala adati ndiziyenda, koma munthu wamkulu sayenda wopanda kopita. Masiku amenewo woyenda chabe, manja lende, ankamuyesa wamisala kapena wakuba. Ku ma Area alonda akadandifunsa. Choposa zonse, madalaivala anzanga akadandiona m'mbali mwa msewu. Che Jafali adaloza mulu wa zovala zosokedwa kale.

"Izi ndi za anthu a m'maofesi ku City Centre. Izi za makhukhi ndi alonda a ku Area 11. Amachedwa kudzatenga chifukwa n'kutali, ndipo ine mwendo mukuuona. Munthu wonyamula phukusi palibe amamufunsa."

Ndi mmene ndidayambira. Poyamba adandipatsa za pafupi, kuwoloka mlatho wa Lilongwe n'kubwerera. Ndinkafika thukuta lili chuchuchu, ntchafu zitasupuka. Iwo ankayamba kundiyang'ana phazi asadafunse za phukusi. Adandisokera kansalu kofewa koika m'nsapato pamene padachoka zala. Sadandifulumizitse. Ndikati lero ndifike kutali ankati, "Mawa kulinso zovala, achimwene. Musathe miyendo lero."

Patapita miyezi ndidayamba kufika ku City Centre, kudutsa m'nkhalango ya ku Lingadzi, msewu umene ndidaudutsa pagalimoto kosawerengeka osadziwa kuti uli ndi chitunda. Tsiku lina galimoto yakuda ija idandipitirira. Dalaivala watsopano adaliza hutala. Mawu aja adabwera pomwepo: taona, nkhumba ikuyenda pansi. Ndidaima. Ndidayankha mokweza, pamsewu pomwepo, "A Mbewe, yendani. Phukusi ili lili ndi mwini wake." Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziyankhula ndi ulemu, monga momwe ndinkayankhulira ndi bwana. Musaseke. Munthu amene ukumupatsa ulemu sumugoneka pamphasa tsiku lonse.

M'mawa ndidayamba kudzichita zomwe ndinkachita ndi galimoto ndisadailize. Kuona mapazi ngati pali bala. Kumwa madzi, kumwa mankhwala monga adandiuzira. Kudzifunsa ngati ndagona bwino, ndi ngati pali chimene chikundidya mumtima, chifukwa ndidazindikira kuti masiku amene mtima ukuwawa ndi omwe dzanja limathamangira ku mbale.

Kunyumba nkhondo idali ina. Tsiku loyamba kusiya mtanda m'mbale, Nabanda adalira.

"Anthu anena kuti sindikuphikirani. Anena kuti umphawi watilowa mpaka m'mafupa."

Ndidamutenga ulendo wotsatira wa kwa dokotala kuti akadzimvere yekha. M'mawa mwake adagula kambale kakang'ono. Adachulutsa masamba, nyemba ndi usipa, mafuta n'kuchepetsa. Achibale atayamba kunong'ona kuti ndalodzedwa, ena kuti ndi chifuwa chachikulu, iye ndiye ankawayankha: "Akuonda dala. Ndikuwaondetsa ndine. Pali funso lina?" Mkazi ameneyo adali wolimba kuposa ine. Mowa ndidasiya, ndipo anzanga a kumowa adandisiya okha, sindidavutike n'kuwathamangitsa.

Ndidagwanso, musaganize kuti ayi. Ku ukwati wa mphwanga ku Kawale ndidadya ngati kale, ndidamwa, ndipo sabata yonse sindidaoneke pakhonde. Che Jafali adatseka makina masana, nthawi ya makasitomala, n'kubwera okha ku Mchesi ndi ndodo yawo, mwendo ukukwekwereka. Adaima pakhomo ali wefuwefu.

"Ndaononga zonse," ndidatero.

"Ulusi umaduka tsiku lililonse pamakina anga. Mudandionapo ndikutaya malaya? Ndimanyambita, ndilowetsa m'singano, ndipitiriza pamene ndalekeza. Valani nsapato. Mundiperekeze, ndatopa."

Panjira ndidawafunsa mmene munthu angasiyire chakudya osanyoza eni ake, popeza n'chimene chidandigwetsa ku ukwati kuja. Iwo adati mwezi wa kusala makasitomala achikhristu amawabweretsera chimanga chootcha, iwo amanena zoona, ndipo palibe adakwiyapo.

"Inu simusala, ndiye sambani m'manja, lawani, thokozani, nenani chifukwa chake. Chimene anthu amadana nacho ndi kunyada, osati mbale yotsala." Adayenda pang'ono, n'kuwonjeza, "Koma pali katundu wina amene sali pamimba. Munthu wa njinga uja mudakamuona?"

Ndidali ndisadapite. Ndinkaopa.

Ndidapita Loweruka lina, wapansi, kumudzi kwawo kuseri kwa ma Area. A Lufeyo ndidawapeza akukhoma mpini wa khasu. Mwendo udapola mokhota, ankatsimphina, koma ntchito ya maluwa adabwererako. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu aja a galimoto yakuda? Theka lina la thupi mwalisiya kuti?"

Ndidagwada, ine Mbewe, amene sindidagwadirepo mwamuna kupatula bambo anga. Ndidapepesa. Iwo adati, "Dzukani, mudetsa thalauza." Adauza akazi awo kuti agwire nkhuku. Ndidayesa kuletsa, sadamve.

Mbale itabwera idali yodzaza, mitanda yosanjikiza, ntchafu ndi nthutumba pamwamba. Munthu amene ndidamuthyola mwendo wandiphera nkhuku yake, mwina yokhayo. Ndisiye bwanji? Ndikasiya ati dalaivala wa mabwana akunyansidwa ndi chakudya cha kumudzi. Ndikamaliza, ndiye kuti sindidaphunzire kanthu, ndipo mawa kudzakhala mbale ina yokhala ndi chifukwa chake chabwino. Ndidasamba m'manja. Ndidadya nthutumba, popeza ndi ya mlendo, ndi mtanda umodzi. Kenako ndidasambanso.

"Bambo, chakudya chakoma ndipo ndathokoza. Koma tsiku lija ndidadya mbale ngati iyi, n'kugona pa chiwongolero. Ndikufuna kubwerera ku ntchito ndili maso."

Akazi awo nkhope idagwa. "Mwina ndiwo zachepa mchere?"

A Lufeyo adakoka mbale ija n'kuiika patsogolo pawo.

"Mayi, musawakakamize. Ine msewu uja ndimadutsabe."

Tidaseka tonse atatu mpaka misozi. Yanga sidali ya kuseka kokha. Pobwerera adandiperekeza mpaka kumsewu, iwo akutsimphina kumanja, ine kumanzere. Kuchokera pamenepo mawu a nkhumba aja adayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo mbale yodzaza sidandiopsenso.

Thalauza lija Che Jafali adalibweza katatu. Ulendo wachiwiri adachotsa chigamba cha kumbuyo n'kundipatsa m'manja: "Kapukutireni nsapato." Pa mzere wa ku Zomba sindidafikepo, ndipo adati zisandivute, mnyamata uja adatsala ku Zomba komweko.

Patatha zaka zitatu chichitikireni ngozi ija dokotala adandiyeza, adafunsa Nabanda za mkonono uja, adalemba chikalata. Adandiyesanso kuyendetsa ngati mwana wophunzira. Nditakhala pampando ndidapeza kuti miyendo sikufika bwino, ndidaukokera kutsogolo. Ndidati chamumtima, "A Mbewe, ntchito iyi mumaidziwa." Ndidapambana.

Galimoto ya bwana sadandibwezere. Adandipatsa basi yonyamula antchito a boma kuchokera ku Old Town ndi Kawale kupita ku Capital Hill. Ndidaiyendetsa mpaka kupuma ntchito, osakanda ngakhale utoto. Anthu akatsika, madalaivala anzanga n'kukhala pa mandazi, ine ndinkatseka basi n'kuzungulira phiri wapansi. Ankanditcha mlonda. Ambiri a iwo ndidawaperekeza kumanda ndine.

Che Jafali adatisiya kalekale. Sadalowepo m'tchalitchi chathu, ine sindidalowepo mu mzikiti wawo. Sadandiuzepo kuti ndine wonenepa, ngakhale tsiku limodzi, ndipo sadadzitamepo kwa munthu kuti Mbewe ndidamudzutsa ndine. Ndayendetsa akuluakulu ambiri a masukulu awo. Wamkulu woposa telala ameneyo sindidakumane naye. Tsiku la maliro awo abale awo adandilola kunyamula nawo jeneza, chithatha cha maliro, ndipo ndidafika nalo kumanda osapempha wondilandira.

Tsono inu. Ndakuonani polowa, ena mwakhala kumbuyo ngati mwaba. Musadzitukwane, sizichotsa ngakhale kanyama kamodzi, ndidayesa. Pitani kwa dokotala, mutenge ndi amene amakuphikirani. Ngati mukuchita manyazi kuyenda, nyamulani kanthu. Mukagwa Loweruka, Lolemba valani nsapato.

Koma musachedwe monga ine, chifukwa zina sizibwerera. Ndidataya zala ziwiri zakuphazi. Ndidataya galimoto yakuda ndi nyumba ya ku Area 10. Zaka zitatu za ntchito. Diso lamanja limaona ngati m'nkhungu mpaka lero. Mwana wanga woyamba, amene sukulu inkamuyanja, adasiyira panjira nthawi imene ndidali gone pamphasa kuti azithandiza amayi ake kumsika, ndipo sadabwererenso m'kalasi. Ndidatayanso mwendo umodzi wowongoka, umene sudali wanga: wa a Lufeyo.